Mayina Asanu ndi Anayi pa Keyala Imodzi

Sparkhill, Birmingham
Lamlungu masana

Tiyamike mwana wanga,

Iwe ndi amayi ako mwapita ku tauni kukafuna chikhoto cha mvula, ndipo nyumba yangoti zii. Sutikesi yako ili m'munsi mwa masitepe, chivindikiro chili yasa, nsapato imodzi ikusuzumira kunja. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku London. Ndakhala pa tebulo la kukhitchini ndi mapepala a kuntchito omwe ndawatembenuza kumbuyo, ndipo ili ndi lachitatu. Awiri oyamba ndawang'amba chifukwa ndimangozungulira.

Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera monga unkachitira uli sitandade 3 ku Zomba tisanabwere kuno, ndipo ukamadzandiyankha udzayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Palibe kanthu. Kungoti m'Chingerezi ndinaphunzira kubisala. Ndimatha kunena mawu aulemu okhaokha mpaka munthu n'kuchoka osadziwa chomwe ndanena. M'chinenero cha amayi anga ndilibe pobisala.

Ntchito waipezayi ndi yabwino, ndipo ndikunyadira. Ukakhala ku likulu la chipani, mu ofesi yosunga kaundula wa mamembala ndi kuyang'anira zisankho zachipulula, zija zosankha munthu woti aimire chipani pa chisankho chachikulu. Lachiwiri pa chakudya unatiuza mokondwa kuti miyezi yoyamba udzakhala ukusanja mafayilo akale a m'zigawo ndi kuwalowetsa m'kompyuta. Sindikudziwa ngati unaona kuti ndinaika foloko pansi. Mu fayilo ya wadi yathu ino muli pepala limodzi lomwe ndinasaina ine. Tsiku lina udzalipeza. Sindikufuna kuti ulipeze uli wekha mu ofesi ya anthu achilendo, n'kudziwa bambo ako kudzera m'kabati. Ndiye ndikuuza ndekha. Malangizo anga onse ali m'nkhani imeneyi, chifukwa ena ndilibe.

Ndiyambe ndi Zomba, poti mantha anga ndinabwera nawo kuchokera kumeneko. Ndili ku koleji, dziko lathu linali ndi chipani chimodzi, ndipo khadi yake inkafunika ngakhale polowa mumsika. Tsiku lina anatisonkhanitsa kuti tisankhe atsogoleri a ophunzira. Mayina anabwera atatayipidwa kale. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Lawrence, anaimirira n'kufunsa mwaulemu kuti watayipa ndani, nanga ife tikusankha chiyani. Wapampando anangoti ogwirizana ndi mayinawa akweze manja. Ine ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, ndipo dzanja langa linakwera lokha. Patatha milungu iwiri Lawrence anamutenga. Anabwerako patatha chaka ndi theka atawonda, ndipo nditamuona patsogolo pa positi ofesi ndinawolokera tsidya lina la msewu. Sanandilakwire chilichonse. Ndinkaopa kuoneka naye basi. Tiya, ukadzakhala pa msonkhano n'kumva kuti dzanja lako likukwera usanaganize, ulibweze pa ntchafu, uyambe wawerenga mpaka khumi.

Titafika kuno ndinalumbira kuti za ndale sindidzazikhudzanso. Amene anandiswetsa lumbirolo ndi Anti Doreen ako. Iwe umawadziwa ngati mayi wokupatsa maswiti ndi kukuphunzitsa kupinda timapepala ta kampeni, koma ine ndinawadziwa atagogoda pakhomo pathu mvula ili pamsana, atavala epuloni ya kukhitchini ya sukulu kumene ankaphika. Ankasainitsa anthu kuti khonsolo isatseke sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu wathu. Ndinawauza kuti ndine mlendo, zoterezi sindiloledwa. Anaseka mpaka kutsamira pachitseko.

"Ndani anakunamiza zimenezo? Kuvota umaloledwa, kulowa chipani umaloledwa, kundikwiyitsa umaloledwanso. Saina apa, dzanja langa lazizira."

Ndinasaina. Mwezi wotsatira anandikokera ku msonkhano wa nthambi ya chipani, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo: munthu akutsutsa wapampando pamaso, kenaka onse awiri n'kupita kukamwera limodzi tiyi. Usiku wake sindinagone. Ndinkangoganiza za Lawrence.

Pasanathe chaka anandisankha kukhala mlembi wa nthambi. Ndinakondwa kwambiri, kuposa mmene ndinaonetsera. Ndinkadziuza kuti aona nzeru zanga, koma zoona zake n'zoti ndinkalemba mooneka bwino, ndinkafika nthawi yake, ndipo sindinkakangana ndi aliyense. Mbali zonse ziwiri zinkandiyesa wawo. Iwenso adzakuyamikira kuti ndiwe wodekha, wosavuta, wogwirika naye ntchito. Ulandire, koma uzidzifunsa kuti kodi akukuyamikira chifukwa cha zimene umanena kapena chifukwa cha zimene sunena.

Mbali ziwirizo zinali izi. Khansala wa wadi yathu anali a Len, bambo wamtali wa imvi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya magalimoto. Akuluakulu a chipani ankawakonda chifukwa sankapatuka pa zimene atsogoleri agwirizana. Ankati chipani chakhala kunja kwa boma nthawi yaitali chifukwa cha phokoso, ndipo chofunika n'kupambana kaye, zina pambuyo. Anti Doreen ndi anzawo, amene kuno amawatcha a kumanzere, ankati kupambana utagulitsa sukulu ya mkaka ndi malo osambira n'kuluza komwe. Nthawi yosankha woimira chipani itayandikira, Doreen analengeza kuti apikisana ndi a Len. Usaganize kuti a Len anali munthu woipa. Khoma la chipinda chako litachita nkhungu iwe n'kumatsokomola usiku wonse, ndi iwo amene anakwera masitepe athu, nagwira khomalo ndi dzanja lawo, n'kuvutitsa mwininyumba mpaka anakonza. Onse awiri ndinadya zabwino zawo.

Tsopano za keyala. Kwathu ku Ntcheu mudzi wonse unkalandira makalata pa bokosi limodzi la sukulu ya pulaimale. Aphunzitsi aakulu ankaitana mayina ana atafola m'mawa, aliyense n'kutengera makolo ake kapena oyandikana nawo. Palibe ankaganiza kuti anthu onsewo amagona m'kalasi. Kwathu keyala ndi pamene pali munthu amene sangataye kalata yako. Ndiye ana a kwathu amene ankabwera kudzaphunzira kuno ankachita zomwezo. Ankachita lendi tizipinda kuseri kwa Stratford Road, miyezi itatu pano, miyezi isanu apo, ndipo eni nyumba ankataya makalata a munthu akangosamuka. Choncho onse ankapereka keyala yathu. Ukukumbukira dengu lija linkakhala pamwamba pa firiji? Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankadzaza nyumba ino, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Dowa, wina wa ku Chipata, aliyense akuseka Chichewa cha mnzake, ndipo iwe unkakwera pampando n'kumaitana mayina ngati aphunzitsi aakulu aja.

Doreen anawapeza pa tebulo lomweli. Anakangana nawo za fizi, za lendi, za mabasi, ndipo pamapeto pake asanu ndi anayi analowa chipani. Palibe anawakakamiza. Analemba mafomu ndi manja awo, ndipo pa mzere wa keyala analemba nyumba ino osaganiza kawiri. Inenso monga mlembi ndinatumiza mafomuwo osaganiza kawiri. Panapita miyezi yambiri, yokwanira kuti akhale ndi ufulu wovota pa chipulula. Asanu ndi awiri ankakhala m'wadi yathu ndithu, misewu itatu kapena inayi kuchokera pano. Awiri anali atasamukira ku Selly Oak kufupi ndi yunivesite, ndipo mwa malamulo amenewo sanayenere kuvota kuno. Chilungamo chonse chinali chomwecho: asanu ndi awiri oyenera, awiri osayenera. Chikanakwana m'mawu ochepa kwambiri.

Kutatsala milungu itatu kuti tivote, Loweruka lina m'mawa, kunabwera a Graham a ku ofesi ya chigawo. Anati alawirira chifukwa masana kunali mpira ku Aston ndipo misewu ikanadzaza. Amayi ako anali ku shifiti kuchipatala, iwe unali kosambira. Anali munthu waulemu. Anapukuta nsapato pakhomo, nalandira tiyi, nayamikira makatani. Kenaka anatsegula fayilo pa tebulo lino, pamene ndaika chigongono changa panopa.

"A Fredson, nyumba yanu ili ndi zipinda zogona zingati?"

"Ziwiri, ndi kachitatu kakang'ono."

"Ndiye akuluakulu khumi ndi mmodzi mumakwanamo bwanji? Mumagona mosinthana?" Anaseka, inenso ndinaseka. Kenaka anatembenuzira pepala kwa ine. "Funso langa ndi limodzi basi. Anthu asanu ndi anayi awa, kodi amakhala pano?"

Tiya, dengu linali pamwamba pa firiji, kumbuyo kwa mutu wawo. Makhadi atsopano a anthu asanu ndi anayiwo anali atangofika sabata yomweyo, ali momwemo m'maenvulopu awo. Ndikanangoimirira, n'kutsitsa dengulo, n'kunena kuti taonani, kwathu timachita chonchi, tiyeni ndikuperekezeni kumene aliyense amagona. Koma ndinaona fayilo, ndinaona munthu wa tayi atakhala m'nyumba mwanga, ndipo mantha a ku Zomba aja anandibwerera. Pa nthawiyo mapepala athu okhalira m'dziko muno anali asanatuluke.

"Sakhala pano," ndinatero.

"Ndimadziwa kuti ndinu munthu woona," anatero a Graham. "Tangosainani apa nkhani ithere pomwepa. Palibe akufuna kuti mawu oti chinyengo amveke pa dzina lanu."

Pepalalo linali lotayipa kale. Linkanena kuti ine, mlembi wa nthambi, ndikutsimikiza kuti anthu otchulidwawo sakhala pa keyala imeneyi. Munalibe bodza ngakhale limodzi. Ndinasaina, iwo anamaliza tiyi wawo n'kupita. Atatuluka ndinatsitsa dengu, ndinachotsamo makhadi aja, n'kuwaika m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadirobu.

Ndaganizira za m'mawa umenewo kambirimbiri, ndipo ndapezamo zolakwa ziwiri. A Graham anafunsa funso limodzi, atapeza yankho lomwe ankalifuna sanafunsenso lachiwiri. Sanati, nanga ngati sakhala pano amakhala kuti, nanga n'chifukwa chiyani analemba keyala yanu. Ine ndinayankha chokhacho chimene ndinafunsidwa, ndikudziwa bwino lomwe kuti yankho langa loona libereka bodza. Kuyambira mawa iwe ukakhala pampando wa a Graham. Adzakubweretsera mndandanda wa mayina ochuluka pa nyumba imodzi, mayina ovuta kutchula, a Chimalawi, a Chipakistani, a Chisomali, ndipo wina adzakuuza kuti ukuona wekha, apa n'zoonekeratu. Mwana wanga, funsa funso lachiwiri. Kwera basi upite ukaone. Ukafika uyang'ane pamwamba pa firiji.

Chisankho chinachitikira mu holo ya sukulu, Lachinayi madzulo. Pakhomo panali tebulo la kaundula, ndipo mlembi amakhala pamenepo, ndiye kuti ine, pambali pa a Graham. Ana a kwathu aja anabwera onse pamodzi, kupatula awiri a ku Selly Oak amene Doreen anali atawauza kale kuti asavutike. Patsogolo panali Kondwani, uja pano ali ndi ntchito yogawa mankhwala ku Wolverhampton. Anali atavala tayi chifukwa, monga anandiuza, m'moyo mwake anali asanavotepo chilichonse. A Graham anayendetsa chala pa kaundula n'kupukusa mutu. Kondwani anatembenukira kwa ine akumwetulira, n'kulankhula m'Chichewa.

"Madala, akuti mayina athu mulibe. Tawauzani anthuwa, mwina kompyuta yawo yaledzera."

"Zachokera ku ofesi ya chigawo," ndinatero, maso ali pa pepala.

"Ndiye titani, madala?"

"Dikirani panja, tiona."

Anadikira panja, pa mphepo, maola awiri. Zenera la holoyo linali lalitali ndipo ndinkaona nsonga za mitu yawo. Mkati a Len analankhula za kupambana ndi za kudziletsa. Doreen analankhula za sukulu ya mkaka. Tinavota mobisa pa timapepala. Ine ndinavotera Doreen, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi kavoti kamodziko ngati kuti kangalipire asanu ndi awiri. A Len anapambana ndi mavoti anayi. Kumbuyo kwa holo anthu anakuwa kuti mwabera, mwabera. Doreen anapita kukagwira a Len chanza, kenaka anatuluka kukapepesa ana aja kuti awaimika pa mphepo pachabe. Kondwani sanalowenso chipani chilichonse. Chaka chija kwathu kunayamba zipani zambiri, tonse tikusangalala pa wailesi m'chipinda chochezera, iye anangoti, "Madala, zimenezo ndi za eni ake," n'kupita kukatsuka mbale.

Pali china chimene sindinauzepo munthu, ndipo ndikuchilemba msanga ndisanasinthe maganizo. Sikuti anali mantha okha. Pansi pa manthawo panali kamtima kena kamene kankafuna kuti a Len apambane. Ndinali nditatopa ndi misonkhano yotha mochedwa, ndi anzake a Doreen amene ankatcha aliyense wosagwirizana nawo kuti wogulitsa. Ndinawamva akunena a Len choncho mkazi wawo ali gone m'chipatala. Ndinkaonanso ngati a Len ndi amene angagonjetse a chipani china. Mwina ndinkaona bwino, sindikudziwa. Koma ngati ndinkafuna a Len, ndikanaimirira mu holo n'kunena poyera, n'kuwavotera. M'malo mwake ndinalola kuti anthu asanu ndi awiri atsekeredwe panja, ine manja anga n'kuoneka oyera. Ukadzaona kuti lamulo likugwa bwino lomwe mbali imene mtima wako ukufuna, uliwerengenso kawiri. Pamenepo m'pamene munthu amasiya kufunsa funso lachiwiri.

Usatenge kalatayi ngati ndikukuuza kuti ntchito yako ndi yauve. Si choncho. M'mawadi ena zinkachitikadi kuti munthu amalembetsa abale ake onse iwo osadziwa, n'kudzawatuta pa galimoto tsiku lovota. Wina ayenera kuyang'ana kaundula, ndipo ndi bwino akhale iwe kusiyana ndi amene sanaonepo dengu pa firiji. Akuluakulu amene ukagwire nawo ntchito ali ndi mantha awo enieni: anaona chipani chikugonja kangapo konse, ndipo safuna kubwererako. A kumanzere nawo ali ndi chilonda chawo: amagogoda m'makomo mvula ili pamsana, koma ikafika nthawi yosankha amapeza chitseko chotseka. Sukulu ya mkaka ija inatsekedwa chaka chotsatira, a Len atavota pamodzi ndi atsogoleri. Ndinakumana nawo pa sitolo ya nyuzipepala sabata imeneyo, ndipo sanathe kundiyang'ana. Kaya Doreen akanaipulumutsa, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti si ine ndinayenera kugamula zimenezo ndekha pa tebulo la kukhitchini, ndi cholembera cha a Graham.

Ndinamva mmene munakanganira ndi Anti Doreen utawauza za ntchitoyi. Ndinali m'chipinda chochezera, nyuzipepala ili kumaso. Iwo anati, "Ndiye wapita kwa a matayi, eti? Ndinakuphunzitsa kugogoda m'makomo kuti ukatseke zitseko?" Iwe unati wina ayenera kulowa mkati kuti zinthu zisinthe, ndipo unawonjeza kuti sudzachita zimene ofesi ya chigawo inawachita iwo. Unanena mwaukali, ukuloza chala kumpoto ngati ofesiyo ili kuseri kwa khoma. Ine ndinali mayadi atatu kuchokera pomwe unaima.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga ku labotale kumene ndimagwira ntchito, n'kupita ku kadimba ka Doreen kuseri kwa paki. Ndinawapeza akukumba mbatata, atavala nsapato za mphira za malemu amuna awo. Ndinali nditakonzekera mawu ambiri m'basi, koma nditafika ndinangoti, "Doreen, mayina aja ndinawachotsetsa ndine. Ndinasaina."

Sanasiye kukumba. "Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Nditakadandaula ku chigawo Graham anandionetsa pepala lako. Zilembo zokongola ngati za pa khadi ya ukwati. Zaka zisanu ndi chimodzi, Fredson. Mabasi a mu Stratford Road amachedwa, koma iwe wawaposa."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene kanthu, bwanji anapitiriza kubwera kwathu Lamlungu lililonse.

"Ndinkabwerera mwana ndi mandasi a mkazi wako, iwe unali mpando chabe. Ndimadikira kuti ubwere wekha. Ndikanakufunsa ukanandiyankha zaulemu mpaka ine n'kupepesa." Anaimika fosholo n'kundiyang'ana. "Wabwera chifukwa mwana akukaona fayilo, si choncho?"

Ndinavomera. Akanakhala wina ndikanakana.

"Chitsiru chophunzira," anatero. "Sindinakukhululukire, usachoke pano ukuganiza choncho. Udzandifunsenso pa Khirisimasi. Koma mwanayo umuuze wekha asanakwere basi. Ukapanda kutero ndimuuza ine, ndipo ine sindilemba mokongola." Kenaka anandipatsa fosholo ija. "Mzere uwo mpaka kumpanda. Suti yako isakudetse nkhawa, inali yonyansa kale."

Ndinakumba mzere wonse. Mbatata zimene tinadya Lachisanu n'zomwezo.

Amayi ako ndinawauza tsiku lomwelo titadya. Anati, "Bambo a Tiya, chitini cha mabisiketi chija mumayesa ndimachidumpha ndikamapukuta fumbi?" Makhadi anawaona kalekale, koma za kusaina sankadziwa, ndipo zawapweteka. Kondwani ankadya m'nyumba muno ngati mwana wawo. Ndamulembera kuti ndikufuna kukamuona ku Wolverhampton Loweruka likudzali. Sindikudziwa kuti andilandira bwanji, komanso sindikudziwa kumene ena mwa anthu aja ali masiku ano. Awiri anabwerera ku Lilongwe, mmodzi ndinamva kuti anamwalira. Usamachedwe kupepesa, Tiya. Anthu amasamuka.

Zina zonse amayi ako akuuza kale, ndipo akuuzanso mawa pa depoti anthu akumva. Uzidya chakudya chenicheni, osati masangweji a pa desiki okha. Upeze tchalitchi kumene kuli anthu a kwathu, ngakhale adzakuseke Chichewa chako. Akakuseka ndiye kuti akulandira. Uziimba foni Lamlungu, ndipo akayankha amayi ako usafulumire kudula, chifukwa ine ndimakhala ndaima kumbuyo kwawo ngati ndikufuna kanthu m'kabati. Pa msonkhano usakhale woyamba kulankhula, koma usatuluke ndi mawu amene unayenera kuwasiya mkati. Ukadzalakwa, ndipo udzalakwa ndithu poti ndiwe mwana wanga, unene tsiku lomwelo chilonda chisanapange mafinya. Akadzakubweretsera pepala lotayipa kale kuti ungosaina, unene kuti uliwerenga mawa. Pepala loona silithawa usiku umodzi.

Makhadi asanu ndi anayi aja ndawachotsa m'chitini, ali mu envulopu yomweyi. Sanatsegulidwepo. Ndinaganiza zowatentha, ndinaganizanso zowasunga, koma ndaona kuti akuyenera iwe. Uwaike mu dilowa ya desiki yako. Tsiku limene mndandanda wina udzaoneke woonekeratu, utsegule dilowayo uwerenge mayinawo mokweza, monga unkachitira uli pampando paja. Ukadzafika pa fayilo ya wadi yathu usachotsemo pepala langa, usalibise, ulilowetse m'kompyuta monga ena onse. Ngati malamulo a ofesi yanu amalola kuwonjezera kalata yofotokoza, undiuze, ndilemba ndi kusaina ndi zilembo zomwezo.

Unanena kuti chipinda chimene wapeza ku London n'cha miyezi itatu yokha, ndipo makalata a kubanki ndi a kwa dokotala azibwerabe kuno mpaka utakhazikika. Ndinamwetulira ndekha utanena zimenezo. Wabadwa Mmalawi ndithu, Naphiri. Dengu lija ndalitsitsa, ndalipukuta, labwerera pamwamba pa firiji. Wina akadzagogoda ndi fayilo nadzafunsa ngati Tiyamike amakhala pano, ndidzamuuza kuti sakhala pano, koma khalani pansi bambo, tiyi akadali wotentha, ndikufotokozereni kumene amakhala ndi chifukwa chake makalata ake amafikira kuno.

Maganizo anga oyamba anali oti kalatayi ndiilowetse pansi pa zovala mu sutikesi, kuti ukaipeze uli ku London, ine ndili kutali ndi nkhope yako. Ndaona kuti kumeneko kukanakhala kuwolokanso msewu. Ndiye ndiisiya pamwamba pa sutikesi, pamene uione ukangolowa. Uli ndi madzulo ano onse ndi m'mawa wa mawa. Ukafuna kukwiya, kwiya. Ukafuna kuti pa depoti akuperekeze amayi ako okha, ndimva. Koma ngati uli ndi funso, loyamba kapena lachiwiri, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, usapite nalo ku London.

Ndamva geti ikulira, ndi mawu a amayi ako akudandaula za mtengo wa chikhoto. Ine ndili kukhitchini. Sindichokapo.

Ndine bambo ako,
Fredson